Mtsempha wolimidwa m'botolo

Paipi yothirira ikaphulika m'dimba la kachewere ku Tsangano, mlimi sataya tsiku. Amadula pamene pang'ambikapo, n'kulowetsapo kachidutswa ka paipi ina, n'kukulunga ndi mphira ya chubu cha njinga, madzi n'kuyambanso kuyenda. Ambirife tikamva kuti madokotala alumikiza mtsempha wa magazi umene unaduka, m'mutu mumabwera chithunzi chomwechi. Tisachite nazo manyazi, pakuti madokotala eni akewo anakhala zaka zambiri akuganiza chimodzimodzi, mpaka thupi la munthu linawatsutsa.

Anthu ofunika kachidutswa ka mtsempha timawadziwa. Mnyamata wa kabaza wawombedwa ndi lole pamsewu wa M1, penapake pakati pa Lizulu ndi Ntcheu boma, fupa lothyoka n'kudula mtsempha waukulu wa kuseri kwa bondo. Mwendo umene sukulandira magazi umayamba kufa, ndipo pakadutsa maola pafupifupi 6 chiyembekezo choupulumutsa chimachepa kwambiri. Pali agogo odwala shuga, kapena amene asuta chingambwe kuyambira unyamata wawo, mitsempha ya m'miyendo yatsekeka, chala chayamba kuda. Pali amene impso zinaleka ntchito, ofunika kubayidwa masingano awiri akuluakulu pamkono kangapo pamlungu kuti magazi akasefedwe m'makina. Ndiye pali makanda obadwa ndi mtima wolumikizika molakwika.

Mpaka lero, chimene dokotala amayamba kufuna ndi mtsempha wa mwini wake wodwalayo. M'mwendo muli mtsempha wautali woyenda pansi pa khungu, kuchokera pakakolo mpaka m'mphechepeche, umene munthu angathe kukhala bwinobwino ngakhale utachotsedwa. Umenewu ndi umene René Favaloro, dokotala wa ku Argentina, anagwiritsa ntchito mu 1967 ku Cleveland, ku America, polambalala mtsempha wotsekeka wa pamtima, ndipo njira yakeyo inafala dziko lonse. Koma si aliyense ali nawo wabwino. Wina ndi wotupatupa, wina ndi wopyapyala, wina anauchotsa kale pa opaleshoni yoyamba. Kuuchotsa kumatenganso nthawi, n'kusiya bala lachiwiri pa munthu amene wataya kale magazi.

Kusoka kwenikweni kunadziwika kale. Alexis Carrel wa ku France analandira mphoto ya Nobel mu 1912 chifukwa cha luso losokerera mitsempha, koma chosokererapo ndiye chinkasowa. Mu 1952 Arthur Voorhees ku New York anaonetsa kuti kapaipi ka nsalu kangathe kunyamula magazi m'thupi la galu, ndipo posakhalitsa Michael DeBakey ku Houston anagula nsalu ya ulusi wa pulasitiki yotchedwa Dacron m'sitolo n'kuisoka pamakina a mkazi wake, ngati telala wa pakhonde la golosale. Zinatheka. Mapaipi a Dacron, ndi ena a pulasitiki yofewa ya Gore-Tex amene anabwera cha m'ma 1970, apulumutsa anthu osawerengeka, ndipo pamtsempha waukulu wotuluka mumtima, umene kukula kwake kumaposa chala chachikulu, amakhala zaka ndi zaka.

Vuto limayamba paipi ikachepa. Pansi pa mamilimita 6, kukula kwa pensulo kapena kucheperapo, mapaipi a pulasitiki amatsekeka msanga. Ndipo mitsempha ya pamtima ndi ya kumunsi kwa bondo, imene imavutitsa anthu ambiri, ndi ya misinkhu yomweyi.

Kuti timvetse chifukwa chake, tiyang'ane mtsempha weniweni. Khoma lake lili ndi zigawo zitatu. M'kati mwenimweni, momwe magazi amakhudza, mwayalidwa maselo (tizigawo tamoyo ting'onoting'ono timene timamanga thupi) opyapyala kwambiri ngati matailosi, ndipo maselo amenewa sangokhala: usana ndi usiku amatulutsa timankhwala touza magazi kuti asaundane. Pakati pali minofu imene imafinya ndi kumasula mtsemphawo malinga ndi zimene thupi likufuna, n'chifukwa chake m'mawa wa June pa Dedza zala zimazizira n'kuchita dzanzi, pakuti mitsempha yafinya kuti kutentha kusathawe. Kunja kuli chikuto cholimba. Magazi ali ndi lamulo limodzi losaphonya: akakhudza chinthu chimene si matailosi aja, amayesa kuti pali bala, n'kuyamba kuundana. M'paipi yaikulu magazi amathamanga ndipo kachigawo koundana m'mbali sikatseka njira. M'paipi yaing'ono kachigawo komweko n'kokwanira kutseka zonse.

Chachiwiri, mtsempha umapuma. Mtima umagunda pafupifupi ka 100,000 patsiku, ndipo kugunda kulikonse mtsempha umatamuka n'kubwerera. Pulasitiki sichita zimenezi mofanana. Pamsoko pamene chofewa chakumana ndi chouma, magazi amavunduka, maselo a minofu amakwiya n'kuyamba kuchulukana, chipsera n'kumakula cham'kati mpaka njira kutha. Chachitatu ndi tizilombo. Pulasitiki ilibe magazi akeake oyenda m'khoma mwake, choncho tizilombo tikamanga msasa pamenepo, asilikali a m'thupi ndi mankhwala amavutika kutifikira. Bala la pamsewu, lodzaza fumbi ndi zidutswa za buluku, ndi malo oipa kwambiri oikapo pulasitiki.

Apa ndi pamene anthu anayamba kufunsa ngati sikungatheke kumanga mtsempha ndi zipangizo zomwe thupi limamangira. Zipangizozo, ngakhale mayina ake ndi achilendo, tonse tinazigwirapo. Kolajeni ndi ulusi wolimba wa m'khungu ndi m'mitsempha; ndi iye amene amachititsa msuzi wa mang'ina kunata pamilomo, n'kuundana ukagona. Elasitini ndi ulusi wotamuka ngati legeni. Fibrin ndi timaulusi timene timagwira magazi akaundana, zimene aliyense amene anakhalapo pamene Angoni akukonza uwende anaziona ndi maso.

Njira yachidule inali kubwereka kwa nyama. Mtsempha wa m'khosi mwa ng'ombe unayamba kugulitsidwa ku America ndi dzina loti Artegraft cha mu 1970, ndipo ukugwiritsidwabe ntchito kwa odwala impso. Munthu wa ku Ntcheu angaseke kuti ng'ombe ndiye tili nazo, tingoyamba bizinesi. Koma thupi la munthu limadana koopsa ndi maselo a nyama, ndiye mtsemphawo amayamba auviika m'mankhwala ouumitsa, monga momwe chikopa chimafufutidwira chisanakhale chishango. Chotuluka ndi paipi yolimba koma yakufa, imene maselo a munthu amavutika kulowamo. Herbert Dardik anayesa mtsempha wa m'chingwe cha mchombo wa makanda m'zaka za m'ma 1970. Unkagwira ntchito, koma pakapita zaka ina inkafooka n'kufufuma ngati chubu chotha. Ku Australia anapanga wina wotchedwa Omniflow poika ukonde wa pulasitiki pansi pa khungu la nkhosa kuti nkhosayo iukute ndi kolajeni wake.

Kulima mtsempha kuchokera ku maselo kunayamba mu 1986, pamene Crispin Weinberg ndi Eugene Bell ku yunivesite ya MIT ku America anasakaniza maselo a ng'ombe ndi kolajeni wa phalaphala n'kuumba kapaipi ka zigawo zitatu. Maonekedwe anali a mtsempha ndithu, koma mphamvu panalibe. Anachita kukakulunga ndi ukonde wa Dacron, komabe sikakanapirira mphamvu ya magazi a munthu. Phunziro lake linali lakuti kolajeni wothiridwa ndi manja a munthu safanana ndi wolukidwa ndi maselo, monga momwe mulu wa mlaza sufanana ndi mkeka.

Nicolas L'Heureux ndi anzake ku yunivesite ya Laval, ku Quebec m'dziko la Canada, anasankha kuwasiya maselowo kuti aluke okha. Anatenga maselo a munthu, n'kumawadyetsa m'mbale za mu labotale pamodzi ndi vitamini C, mpaka anapanga kansalu kopyapyala kotheka kunyamula. Kansaluko anakakulunga pakamtengo ngati mmene timapindira mphasa, n'kudikira kuti zigawozo zigwirane. Mu 1998 analengeza kuti mtsempha wawo, wopanda pulasitiki ngakhale pang'ono, sunkaphulika mpaka mphamvu itapitirira 2,000 pa muyeso womwe uja umene namwino amati BP yanu ili pa 120. Pa kafukufuku wa odwala impso 10 ku Argentina ndi ku Poland, zotsatira zimene zinatuluka mu 2009 zinaonetsa kuti itatu inalephera m'miyezi yoyambirira, ina n'kugwira ntchito. Koma mtsempha uliwonse unkalimidwa kuchokera ku khungu la mwini wake, ndipo unkatenga miyezi 6 mpaka 9. Mnyamata wa kabaza uja ali ndi maola 6.

Amene anadumpha chopinga chimenechi ndi Laura Niklason, dokotala wogonetsa anthu pa opaleshoni, ndipo njira yake ndiyofunika kuimvetsa bwino chifukwa ndi imene yafika m'zipatala. Taganizani nyumba yophoma. Mumayamba mwaimika nsichi, n'kumangirira nsungwi, kenako n'kuphoma dothi. Pakapita zaka chiswe chingadye mitengo ija, koma khoma louma bwino limaimabe. Niklason anapanga nsichi zake ndi ulusi wosungunuka wokha, wa mtundu umene madokotala amasokera m'kati mwa thupi osafunika kudzauchotsa. Paukonde wa ulusiwo anafesapo maselo a minofu ya mtsempha, n'kuika zonse m'botolo la madzi a chakudya. Nzeru yaikulu inali pampu: anaikapo yogunda ngati mtima, kuti kapaipiko kazitamuka ndi kubwerera usana ndi usiku. Maselo akamakokedwa chotere amayesa ali m'thupi, ndipo amaluka kolajeni wambiri wolimba. Pakutha milungu 8, ulusi uja unali utatsala pang'ono kutheratu, khoma la maselo litaima palokha. Izi zinasindikizidwa mu 1999.

Kenako anachita chinthu chooneka ngati misala: atavutika miyezi iwiri kulera maselo, anawapha n'kuwatsuka onse. Amene analimapo chinkhupule amvetsa msanga. Chipatso chikakhwima mumasenda khungu, n'kutsuka zoterera zam'kati, n'kukutumula njere, chotsala n'chiukonde choyera cholimba, chosungabe maonekedwe a chipatso chija. Mtsempha wotsukidwa ndi chimodzimodzi. Zizindikiro zimene asilikali a m'thupi amazindikirira mlendo zimakhala pamaselo, pamene kolajeni wa munthu ndi wofanana kwa tonse, wa Mchewa wa ku Linthipe ndi wa mzungu wa ku Poland. Maselo akachoka, mtsempha ungaikidwe mwa aliyense popanda mankhwala ofooketsa chitetezo cha m'thupi, ndipo ungasungidwe m'firiji kupitirira chaka kudikira wovulala.

Kampani imene Niklason anayambitsa ndi anzake mu 2004, Humacyte ya ku Durham m'chigawo cha North Carolina ku America, imagwiritsa ntchito maselo ochokera kwa anthu amene anapereka ziwalo zawo atamwalira. Mitsempha yake ndi ya mamilimita 6 m'kati, kutalika pafupifupi masentimita 40. Odwala oyamba anailandira ku Poland mu 2012. Chosangalatsa chinaoneka pamene madokotala ankadulako tizidutswa patapita miyezi kapena zaka: m'khoma lija, limene linalowa m'thupi lili bwinja, munali mutadzaza maselo a wodwalayo, ena a minofu, ena opanga timitsempha ting'onoting'ono todyetsa khomalo. Thupi linali litasamukira m'nyumbamo. Kwa munthu wobayidwa masingano mlungu uliwonse zimenezi n'zazikulu, chifukwa khoma lamoyo limatha kupola pamene la pulasitiki limangobookerabe.

Komabe chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Pa kafukufuku wa odwala impso 60 amene anasindikizidwa mu 2016, chaka chitatha mitsempha 89 pa 100 inali ikugwirabe ntchito. Nambala yokoma. Koma imene inafika chakacho osatsekekapo kapena kufuna kukonzedwa inali 28 pa 100 yokha. Yotsalayo inafunika dokotala woitsegulanso, ena kangapo. Chifukwa chake n'chosabisika: mtsempha wotsukidwa umalowa m'thupi wopanda matailosi am'kati aja, ndipo mwa munthu matailosiwo amachedwa kuyalidwa, mosiyana ndi nyama zazing'ono za mu labotale. Elasitini nayenso amavuta kulima m'botolo. Kwa ine nambala yachiwiriyi ndi imene munthu wa kuno ayenera kuyang'anitsitsa, chifukwa kutsegula mtsempha wotsekeka kumafuna makina ojambulira, timachubu tapadera ndi katswiri amene ali pafupi tsiku lomwelo.

Mitsemphayi inatumizidwanso ku Ukraine nkhondo itayamba mu 2022, kukathandiza ovulala ndi mabomba, ndipo mu December 2024 bungwe la FDA, loona za mankhwala ku America, linaivomereza, ndi dzina loti Symvess, kwa akuluakulu ovulala mtsempha wa pamkono kapena pamwendo pamene mtsempha wa mwini wake sungapezeke m'nthawi yake. Chilolezocho chinabwera ndi chenjezo lalikulu papepala la mankhwalawo, lakuti mtsemphawo ungathe kung'ambika pakati kapena pamsoko, munthu n'kutaya magazi koopsa. Mtengo umene kampani inalengeza poyamba unali madola 29,500 mtsempha umodzi. Aliyense awerengere yekha matumba a kachewere.

Nkhani ya ana ili ndi njira yakeyake. Mwana amakula, pulasitiki sikula, ndiye khanda loikidwa paipi pamtima limayenera kudzang'ambidwanso likasinkhuka. Toshiharu Shin'oka ku Tokyo analemba mu 2001 za mtsikana wa zaka 4 amene anamuikira mtsempha wopita ku mapapo, wopangidwa ndi maselo ake omwe ofesedwa paukonde wosungunuka. Pambuyo pake anathandiza odwala 25 pogwiritsa ntchito maselo a m'mafuta a m'mafupa. Vuto lalikulu linali kuchepa kwa njira mwa ena. Iye ndi Christopher Breuer atafufuza mwa mbewa za mu labotale, anapeza zodabwitsa: maselo ofesedwa aja sakhalitsa n'komwe, amatha m'masiku ochepa. Ntchito yawo ndi kuitana, monga mwini dima amene amafulula mowa n'kumema anthu, olima enieni n'kukhala maselo ochokera m'mitsempha yoyandikana nayo. Ku Minnesota, gulu la Robert Tranquillo linaumba mitsempha ndi fibrin ndi maselo a khungu la nkhosa, n'kuitsuka, n'kuiika mwa tiana ta nkhosa titatu. Mu 2016 analengeza kuti nkhosazo zitakula, mitsempha ija inali itakula nazo.

Ena akuti labotale n'njachiyani pamene thupi lenilenilo lilipo. Mukalowetsa kamtengo kosalala pansi pa khungu, thupi limakakuta ndi kolajeni pofuna kudzitchinjiriza, monga limachitira ndi munga umene unathyokera m'phazi. Pakapita mwezi umodzi kapena iwiri mumatulutsa, n'kusolola kamtengoko, n'kutsala ndi kapaipi ka mnofu wa mwini wake. Charles Sparks anayesa zimenezi ku America cha m'ma 1970 koma mapaipi ake ankafufuma. Yasuhide Nakayama ku Japan anaitsitsimutsa njirayi ndi zikombole zokonzedwa bwino. Ineyo ndimaiyang'ana ndi diso lachidwi kuposa zina zonse, chifukwa sifuna fakitale kapena ndege yonyamula katundu wozizira. Singathandize wa ngozi, koma wodwala impso kapena shuga, amene opaleshoni yake imakonzekeredwa, angathe kudikira miyezi iwiri.

Tibwere kwathu. Firiji si vuto lalikulu, pakuti katemera amafika mpaka kuzipatala zazing'ono za kumidzi ali wozizira. Chovuta ndi mtunda ndi manja. Kuchokera pa Dedza kukafika ku Kamuzu Central ku Lilongwe ndi makilomita pafupifupi 85, kuchokera pa Ntcheu pafupifupi kawiri kake, ndipo maola 6 aja amayamba kuwerengedwa pamene munthu wagwa, osati pamene ambulansi yanyamuka. Mtsempha wa madola zikwizikwi sudzisoka wokha. Kwa odwala impso, makina osefera magazi m'zipatala za boma akhala akupezeka kwa zaka zambiri ku Kamuzu Central ndi ku Queen Elizabeth ku Blantyre, ndipo njira yabwino yolumikizira munthu kumakinawo idakali ija ya 1966 ya Michael Brescia ndi James Cimino: kusokerera mtsempha wochokera kumtima ndi wobwerera kumtima pamkono pa wodwalayo, n'kudikira milungu 6 kapena kuposerapo kuti unenepe. N'chifukwa chake munthu amene wauzidwa kuti impso zake zikufooka amalangizidwa kusunga mkono umodzi, kawirikawiri umene sagwirira ntchito kwambiri, osalola kuti uzibayidwa madiripi ndi masingano otengera magazi mwachisawawa. Mitsempha ya pamkono umenewo idzafunika yathunthu.

Nanga mnyamata wa kabaza uja, atafika m'nthawi yake m'manja mwa dokotala wodziwa ntchitoyi, angamuchite chiyani lero? Mwina angayambe walowetsa kachubu ka pulasitiki kongoyembekezera m'mbali ziwiri za mtsempha wodukawo, kuti magazi afike kuphazi pamene anzake akulimbitsa fupa. Kenako angatsegule mwendo winawo, wosavulala, n'kuchotsamo chidutswa cha mtsempha wautali uja wa pansi pa khungu, n'kumanga tinthambi take ndi ulusi, n'kuupopa ndi madzi kuti aone ngati ukudontha. Asanausokerere amautembenuza, kumunsi kukhala kumtunda, chifukwa m'kati mwake muli tizitseko totsegukira mbali imodzi yokha, tomwe tinkaletsa magazi kubwerera kuphazi munthu akaimirira. Akaiwala kutembenuza, magazi sadutsa. Akamaliza msoko womaliza amamasula zopanira, n'kuika zala pamwamba pa phazi, kudikira kuti amve kugunda.